Makalata a Omvera: Galu Wongokhalira Kudzikanda

Zikomo mayi athu a ku Dedza chifukwa cha kalata yanu. Mwati galu wanu amachezera kudzikanda mpaka ubweya wathothoka chakumchira, ndipo anansi akuti mumpake oilo wakale wa galimoto. Chonde mayi, musayerekeze! Oiloyo amawononga khungu, ndipo galu akanyambita wadya poizoni.

Poti mwatchula chakumchira, ine ndikuganizira utitiri. Agalu ena thupi lawo limadana ndi malovu a utitiri, moti kulumidwa kamodzi kokha, kuyabwa kumatenga masiku. Muimikeni pansalu yoyera, mumpese. Pakagwa tinthu takuda tofiira tikanyowa, ndi ndowe za utitiri zimenezo, magazi a galu wanu. Tsono mazira a utitiriwo sakhalitsa pathupi, amayoyokera pachiguduli chimene amagonera ndi m'fumbi la pakhonde. Mukamsambitsa yekha, mawa lino utitiri ubwereranso. Chapani chigudulicho ndi madzi otentha, sesani bwinobwino, ndipo agalu onse a pakhomo alandire mankhwala tsiku limodzi.

Koma ngati m'mphepete mwa makutu ndi m'zigongono mwachita nkhanambo, zikhoza kukhala mphere, zomwe zimayabwitsanso anthu. Ana ayambe aleka kumufungatira. Pitani naye kwa alangizi a ziweto, ali ndi mankhwala monga ivermectin ndipo mlingo wake amaudziwa ndi iwo.

Zonsezi zikakanika, mwina ndi chakudya, ndipo kuti mutsimikize mumamsinthira zakudya kwa masabata 8. Ngakhale avutike bwanji, Panado ndi Brufen wanu wa m'kabati, musampatse mayi. Brufen amaboola chifu cha galu ndi kuwononga impso.