Akasiya Chamba: Masabata Anayi Oyamba Pakhomo

Kwa makolo ndi achibale a ku Ndirande, Bangwe, Mbayani, Chilobwe, Zingwangwa ndi madera ena a Blantyre.

Mabanja ambiri amapempherera tsiku limene mwana wawo adzasiye chamba. Tsikulo likafika amadabwa: mnyamata amene ankangokhala phee pakhonde wayamba kukalipira aliyense, usiku sakugona, nsima akungotema mbamu ziwiri n'kusamba m'manja. Ena amati wapenga, ena amati pali dzanja la munthu, ena mpaka amati bola muja ankasuta. Musamutaye. Zimene mukuonazi zili ndi chifukwa chake, ndipo zimatha.

Zimene chamba chimachita mu ubongo

Mu chamba muli mankhwala otchedwa THC, amene akatswiri a ku Israel, Raphael Mechoulam ndi Yechiel Gaoni, anawapatula mu 1964. Ubongo uli ndi timalo tolandirira uthenga totchedwa CB1. Thupi limapanga lokha mankhwala ake pang'ono amene amafika pa timaloti kuti munthu agone, amve njala, akumbukire zinthu ndi kuugwira mtima. THC amafika pomwepo, koma mwamphamvu ndiponso kwa nthawi yaitali. Munthu akamasuta tsiku ndi tsiku, ubongo umadziteteza pochepetsa timalo tija. Ofufuza a ku America amene anajambula ubongo wa anthu otere analengeza mu 2012 kuti timaloti tinali titachepa ndi magawo pafupifupi 20 pa 100 alionse m'mbali zina za ubongo.

N'chifukwa chake ndudu imodzi imene inkamukwana chaka chatha lero siimukwana. Zili ngati munthu wozolowera masupuni anayi a shuga: mukamupatsa tiyi wa supuni imodzi amati ndi madzi chabe. Mpira, macheza, ngakhale ndiwo zimene ankazikonda, sizimukomera mpaka atasuta.

Mbali ya ubongo ya kuseri kwa mphumi, imene imathandiza munthu kulingalira za mawa ndi kudziletsa, imamaliza kukhwima pa zaka pafupifupi 25. Chamba chimasokoneza kulumikizana kwa mbali imeneyi ndi mbali zina zimene zimasunga zokumbukira ndi zimene zimamva kukoma. N'chifukwa chake wosuta mukamutuma kumsika wa Limbe tomato, mchere ndi makala, amabwera ndi makala okha, ndipo si mwano ayi. Mwa anthu 10 osuta, pafupifupi mmodzi amafika polephera kukhala popanda chamba. Koma mwa amene anayamba ali achichepere, ndi mmodzi mwa 6. Mwana wa fomu 2 amene wayamba "fodya wamkulu" ndiye wotidetsa nkhawa kwambiri.

Akasiya

THC akachoka, ubongo umatsala ndi timalo tochepa tija. Mavuto amayamba pakadutsa tsiku limodzi kapena atatu: chibaba, kupsa mtima, nkhawa, kusowa tulo, kutuluka thukuta usiku, kusafuna kudya. Sabata yoyamba ndiyo yowawa zedi. Pofika sabata yachiwiri zambiri zimayamba kuzilala, koma vuto la tulo ndi maloto oopsa limatha kupitirira mwezi. Malotowa si mizimu. Chamba chimapondereza tulo ta maloto, ndiye akasiya maloto amabwera mothithikana.

Ofufuza a mu 2012 aja anajambulanso ena mwa anthu omwewo atakhala masabata pafupifupi anayi osasuta, ndipo anapeza kuti timalo ta CB1 tinali titabwerera mwakale. Kafukufuku wina wa ku Boston wa mu 2018, wa achinyamata a zaka 16 mpaka 25, anaonetsa kuti kukumbukira kunayamba kubwerera m'sabata yoyamba yomwe, ngakhale kuika maganizo pa chinthu chimodzi kunali kusanasinthe mwezi umenewo. Choncho musafulumire kumuweruza ndi mayeso a kusukulu.

Inu apakhomo, sabata yoyamba si yokumbutsana ndalama zimene anaba kapena sukulu imene anathawa, milandu idikire. Mupatseni phala, nthochi kapena mbatata pang'onopang'ono m'malo momukakamiza mbale yodzaza. Azidzuka nthawi imodzimodzi, masana atope ndi ganyu kapena mpira, madzulo apewe tiyi wambiri ndi foni. Chibaba chimakula akadutsa pamalo amene ankasutira ndiponso akakumana ndi anzake akale, ndiye ngati ankakhalitsa pa siteji ya minibasi, apeze kaye kwina kotandala. Chenjerani ndi kachasu ndi mapiritsi a tulo ogula mwamseri: ambiri amathawira kumeneko. Akasutanso kamodzi, ayambirenso kusiya mawa lake, osati mwezi wamawa.

Nthawi yothamangira kuchipatala

Ngati akumva mawu amene inu simukuwamva, akukhulupirira kuti anthu akumulondola kapena kumuthirira mankhwala m'chakudya, kapena akulankhula zodzipha, chimenecho si chibaba wamba. Kusuta tsiku lililonse, makamaka chamba champhamvu, kumawonjezera chiopsezo cha matenda a maganizo otere. Musamumange ndi chingwe, musamumenye, ndipo musamusiye yekha. Pitani naye kuchipatala cha m'dera lanu kapena ku Queen Elizabeth Central Hospital. Ofunika kugonekedwa nthawi yaitali amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital. Mapemphero apitirire, koma ayendere limodzi ndi chipatala.

Akakuuzani kuti boma linaloleza chamba, muuzeni kuti lamulo la mu 2020 ndi la olima okhala ndi chiphaso, olimira mankhwala ndi mafakitale. Wopezeka nacho chosuta amamangidwabe.