Mabisiketi a chokoleti ndi lalanje akuwawa

Funso: Ndikaphika mabisiketi a chokoleti ndi lalanje amatuluka owawa, olimba gwa! Ndikulakwitsa pati? Ndine mayi wa ku Zomba.

Yankho: Mayi, kuwawako kukuchokera ku khungu la lalanje. Palani pamwamba pokha. Choyera cha mkaticho ndicho chimawawa. Madzi a lalanjelo supuni imodzi yakwana.

Kulimbako ndiye mukukanda kwambiri, ngati mukukonza mandasi. Takasani kaye majarini ndi shuga mpaka zifewe, thiranimo dzira, kenako fulawa ndi koko, n'kungosakaniza pang'ono. Muuvuni akhale mphindi 10 mpaka 12 pa madigiri 180. Poti ndi akuda kale, kupsa kwake sikuoneka msanga, ambiri amapsereza pamenepa. Aphuleni pakati pakadali pofewa, amalimba okha akazizira.