Chamba, Lamulo ndi Moto wa Magetsi

Inu amene mwaphunzira kuŵerenga, tsopano mungathe kuŵerenga manambala olembedwa pa babu, pa pulagi ndi pa mita. Luso limeneli lingapulumutse nyumba yanu. M'phunziro lino tikamba za anthu amene amadzala chamba m'chipinda pogwiritsa ntchito nyale zamagetsi. Tiona zimene lamulo likunena, ndiponso chifukwa chake zipinda zoterezi zimapsa kaŵirikaŵiri. Ambiri a ife tili ndi ana kapena abale ku Joni ndi ku Britain, kumene zipinda zoterezi zimapezeka. Ena mwa iwo amagwira ntchito m'nyumba za eni, ena amachita lendi. Nkofunika kuti tidziŵe zoŵauza.

Lamulo likuti bwanji?

Dziko lililonse lili ndi lamulo lake pa chamba.

Kuno ku Malaŵi, Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la chamba m'chaka cha 2020. Lamuloli limalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale, monga chopangira zingwe, nsalu ndi mafuta. Koma wolima ayenera kukhala ndi chiphaso chochokera ku bungwe la Cannabis Regulatory Authority. Kudzala chamba kuseri kwa nyumba kapena m'chipinda popanda chiphaso ndi mlandu. Kusuta chamba nakonso ndi mlandu.

Ku South Africa zinthu nzosiyana. Pa 18 September 2018 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti munthu wamkulu angathe kudzala chamba pamalo pake pa yekha, chogwiritsa ntchito iye mwini. M'chaka cha 2024 Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasaina lamulo lotsatira chigamulochi. Komabe kugulitsa chambacho ndi mlandu, ndipo kudutsa nacho malire ndi mlandu waukulu.

Ku Britain kudzala chamba popanda chiphaso nkoletsedwa ndi lamulo la 1971. Wopezeka wolakwa angathe kukhala m'ndende mpaka zaka 14.

Tsono zimene m'bale wanu waona kwa abwana ake ku Johannesburg asabwere nazo ku Dedza kapena ku Mangochi. Kumbukiraninso kuti chamba chimaononga mapapo a wosuta, ndipo chimasokoneza mutu, makamaka wa achinyamata.

Chipinda chodzalamo mbewu

Mbewu iliyonse imafuna kuŵala, madzi ndi mpweya. Kumunda dzuŵa limapereka kuŵala kwaulere. M'chipinda mulibe dzuŵa, choncho odzalawo amapachika nyale zamphamvu zimene zimayaka maola 12 mpaka 18 tsiku lililonse. Nyale imodzi yotere imadya mawati 600, zina 1,000. Babu lamakono lounikira m'nyumba limadya mawati 9 okha. Taonani kusiyana kwake!

Nyalezo zimatentha kwambiri, ndiye amaikamonso mafani oziziritsa. Mbewu zimafuna kuthirira, ndiye muli ndowa za madzi ndi chinyezi. M'chipinda chimodzi muli magetsi ambiri, kutentha ndi madzi. Zinthu zitatuzi zikakumana, ngozi siichedwa.

Mwina mukuti, "Ine chamba sindidzala, nanga zikundikhudza bwanji?" Zikukukhudzani ndithu. Amene amalera anapiye ndi mababu, amene ali ndi makina oswetsa mazira, amene ali ndi saluni kapena mafiriji ambiri m'chipinda chimodzi, onseŵa amakumana ndi vuto lomweli. Magetsi sasankha kuti m'chipindamo muli chamba kapena anapiye.

Tiŵerengere pamodzi

Pali mawu atatu ofunika kuŵadziŵa. Mavolti ndi mphamvu yokankha magetsi. Maampu ndi kuchuluka kwa magetsi amene akuyenda mu waya. Mawati ndi magetsi amene chipangizo chimadya. Yerekezani madzi a mu paipi. Mavolti ali ngati kukankha kwa madziwo, maampu ali ngati kuchuluka kwa madzi amene akudutsa.

Ku Malaŵi, ku South Africa ndi ku Britain magetsi a m'nyumba ndi mavolti 230. Pulagi ya mano atatu amakona, imene timagwiritsa ntchito kuno ndi ku Britain, imapirira maampu 13 basi. Kuti tidziŵe katundu amene pulagi imodzi ingasenze, tichulukitse manambala aŵiriŵa:

230 x 13 = 2,990

Ndiye kuti pulagi imodzi isapitirire mawati 2,990. Tsopano tinene kuti munthu waloŵetsa nyale zinayi za mawati 600 pa ekisitenshoni imodzi:

600 x 4 = 2,400

Kwatsala mawati 590 okha. M'mwezi wa June kukazizira, munthu uja aonjezapo hita ya mawati 2,000:

2,400 + 2,000 = 4,400

Katundu wapyola malire ndi mawati 1,410. Ekisitenshoni ija ili ndi mabowo asanu, koma magetsi onse akudutsa mu waya mmodzi ndi pulagi imodzi. Kuchuluka kwa mabowo sikuonjeza mphamvu ya waya.

Nanga ndalama? Yuniti imodzi ndi mawati 1,000 oyaka ola limodzi. Nyale ya mawati 600 ikayaka maola 18 imadya mayunitsi 10.8. Nyale zinayi zimadya mayunitsi 43.2 pa tsiku. Pa masiku 30 ndi mayunitsi 1,296. Babu la mawati 9 loyaka maola 5 usiku uliwonse silifika mayunitsi aŵiri pa mwezi wathunthu.

Moto umayamba bwanji?

Magetsi akamayenda mu waya, wayayo amafunda. Akachuluka kuposa msinkhu wa wayayo, amatentha. Pulasitiki wokuta waya amafeŵa, kenaka amasungunuka. Mawaya aŵiri akakhudzana, pamathetheka moto. Ngati pafupi pali nsalu, makatoni, udzu kapena siling'i ya matabwa, moto ubuka.

Malo ena oopsa ndi polumikiza. Anthu ambiri amangopota mawaya aŵiri ndi zala nkukulungapo pepala lapulasitiki la shuga. Polumikiza polobodoka pamatentha pang'onopang'ono, usana ndi usiku, mpaka tsiku lina pamayaka. Ekisitenshoni yaitali yosiyidwa yokulunga nayonso imatentha, chifukwa kutenthako kumasoŵa kotulukira. Chimodzimodzi waya wodutsa pansi pa mphasa kapena kapeti.

Alonda aŵiri a m'nyumba

Mlonda woyamba ndi fyuzi kapena buleka. Fyuzi ndi kawaya kakang'ono kopangidwa dala kuti kaduke magetsi akachuluka. Buleka imagwa yokha nkuzimitsa magetsi. Fyuzi ikaduka kapena buleka ikagwa, ikukuuzani kuti penapake palakwika. Ena amaikapo msomali, waya wonenepa kapena pepala lonyezimira la mu paketi ya fodya. Kutero kuli ngati kumanga galu pakamwa chifukwa akuuwa akuba. Fyuzi ikapanda kuduka, waya wa m'khoma ndi amene amapsa.

Mlonda wachiŵiri ndi waya wachitetezo, wopita m'nthaka. Pa chingwe chamakono wayayu ndi wobiriŵira ndi wachikasu. Waya wamoto ndi wofiirira ngati dothi, ndipo wobwezera magetsi ndi wabuluu. M'nyumba zakale wamoto ndi wofiira, wobwezera ndi wakuda. Waya wamoto akakhudza chitsulo cha nyale, magetsi amathaŵira m'nthaka kudzera mwa waya wachitetezo m'malo modzera mwa inu. Choncho musadule dzino lachitatu la pulagi, ndipo musaloŵetse mawaya osavala mu soketi pochinjikiza ndi machesi.

Nyumba zambiri zili ndi swichi ina pa bokosi lalikulu imene imazimitsa msanga magetsi akayamba kuthaŵira panjira yolakwika. Pa swichiyi pamalembedwa 30 mA, ndipo pali kabatani koyesera. Dinani kabatanika pakapita miyezi ingapo. Magetsi akazima, ndiye kuti ikugwira ntchito. Akapanda kuzima, itanani katswiri.

Kulambalala mita

Taona kuti nyale zinayi zimadya mayunitsi oposa 1,000 pa mwezi. Nchifukwa chake odzala chamba mobisa amakonda kulumikiza mawaya molambalala mita. Kumeneku nkuba, kaya magetsiwo ndi a ESCOM kuno kwathu, kaya a Eskom ku South Africa. Komanso nkuika moyo pachiswe. Waya wolambalala sadutsa pa buleka ya m'nyumba. Mukazimitsa swichi yaikulu, iye amakhalabe ndi moto. Wozimitsa moto, mwana kapena mnansi angagwidwe akuganiza kuti magetsi azima.

Ku Britain nyumba zambiri zodzalamo chamba mobisa zimadziŵika pamene zapsa. M'nyumba zina apolisi amapezamo anthu ochokera kumaiko ena, amene ananamizidwa kuti apeza ntchito yabwino. Amatsekeredwa m'nyumbamo kuti azithirira mbewu, ndipo amagona pakati pa mawaya. Zitseko nzokhoma, mazenera ngotseka. Moto ukabuka alibe pothaŵira, ndipo apolisi akafika, woyamba kugwidwa ndi iyeyo, mwini wake ali kutali.

Mwana wanu akakuimbirani foni kuti, "Amayi, ndapeza ntchito yosunga nyumba, malo ogona ndi aulere," mufunseni bwino. Nenani kuti, "Mwanangu, m'nyumbamo muli chiyani? Kiyi uli naye ndiwe? Ungathe kutuluka nthaŵi iliyonse?" Safunsa anadya phula.

Zizindikiro za ngozi

Pali fungo la pulasitiki wopsa.
Soketi kapena pulagi ikutentha mukaigwira, kapena yada.
Mukumva kuthetheka mu soketi kapena mu swichi.
Nyale zikuphethira popanda chifukwa.
Buleka ikugwa kaŵirikaŵiri.
Chitsulo cha chipangizo chikukunyerenyetsani mukachikhudza.

Mukaona chimodzi mwa izi, zimitsani magetsi ndipo itanani katswiri. Kuno ku Malaŵi akatswiri oika magetsi m'nyumba amalandira chilolezo ku bungwe la MERA. Musachite manyazi kunena kuti, "Bambo, tingaone nawo chiphaso chanu?" Wodziŵa ntchito yake sakwiya ndi funso limeneli.

Malamulo asanu ndi limodzi

1. Ŵerengani mawati pa chipangizo chilichonse, ndipo phatikizani musanaloŵetse pa soketi imodzi.
2. Musalumikize ekisitenshoni pa ekisitenshoni inzake.
3. Mapulagi ndi masoketi akhale pamwamba, kutali ndi madzi. Asagone pansi.
4. Musagwire swichi ndi manja onyowa, kapena mutaima pa simenti yonyowa opanda nsapato.
5. Nyale yotentha ipachikidwe ndi tcheni kapena waya wachitsulo, osati ndi chingwe chake chamagetsi. Italikirane ndi nsalu, udzu ndi mapepala.
6. Aliyense m'nyumba, ngakhale ana osinkhuka, adziŵe pamene pali swichi yaikulu.

Ngozi ikachitika

Munthu akagwidwa ndi magetsi, musamugwire ndi manja. Mukatero mugwidwa nonse aŵiri. Thamangani mukazimitse swichi yaikulu. Ngati swichi ili kutali, imani pa thabwa louma ndipo kankhani wayayo ndi mtengo wouma, monga mpini wa tsache. Koma ngati ndi waya wa pa mapolo amene wagwa pansi, musayandikire ngakhale pang'ono. Letsani anthu kufikapo ndipo uzani a magetsi.

Magetsi akazima, onani ngati munthuyo akupuma. Ngati sakupuma, itanani thandizo ndipo yambani kudinikiza pakati pa chifuŵa chake mwamphamvu ndi mofulumira, osaleka. Pamene wapsa thiranipo madzi oyera ozizira kwa mphindi 20. Musapakepo mafuta, mazira kapena mankhwala otsukira mano. Pitani naye kuchipatala ngakhale akunena kuti ali bwino, chifukwa magetsi amatha kusokoneza mtima ndi kuotcha mkati mwa thupi.

Moto ukabuka, zimitsani swichi yaikulu poyamba. Musathire madzi magetsi asanazime, pakuti madzi amayendetsa magetsi. Moto ukakhala waung'ono, thirani mchenga wouma. Ukakula, tulutsani anthu onse, tsekani chitseko ndipo itanani ozimitsa moto. Musabwerere kukatenga katundu. Ku Britain nambala yake ndi 999. Ku South Africa imbani 112 pa foni ya m'manja. Kuno kwathu funsani nambala ya ozimitsa moto a m'dera lanu, muilembe pakhoma pafupi ndi chitseko.

Mawu atsopano

chiphaso, mavolti, maampu, mawati, yuniti, fyuzi, buleka, soketi

Ŵerengani mawuŵa mokweza. Lembani chiganizo chimodzi pa liwu lililonse.

Mafunso

1. Kodi munthu ayenera kukhala ndi chiyani kuti alime chamba ku Malaŵi?
2. Pulagi ya maampu 13 ingasenze mawati angati?
3. Mayi wina ali ndi ketulo ya mawati 2,000 ndi simbi ya mawati 1,200. Kodi angaziyatse pamodzi pa ekisitenshoni imodzi? Onetsani masamu anu.
4. Nchifukwa chiyani kuika msomali m'malo mwa fyuzi nkoopsa?
5. Mnzanu wagwidwa ndi magetsi. Chinthu choyamba kuchita nchiyani?

Zokachita kunyumba

Tengani kope lanu. Lembani zipangizo zonse zamagetsi za m'nyumba mwanu, kapena za kusitolo ya mnansi ngati kwanu kulibe magetsi. Pambali pa chilichonse lembani mawati ake. Nambalayo imakhala kunsi kapena kumbuyo kwa chipangizo, ndipo imatsatidwa ndi chilembo cha W. Phatikizani za pa soketi imodzi. Mubwere nalo kopelo pa tsiku la phunziro lotsatira kuti mudzakambirane ndi anzanu pamodzi ndi aphunzitsi.