Tiyankhe makalata anu: kuyeza mphamvu ya alikali

Kalata yoyamba lero yachokera ku Dedza, kwa mtsikana wa Fomu 3. Akufunsa kuti: "Aphunzitsi, pepala la litmus likasanduka la buluu, si ndiye kuti ndadziwa kale mphamvu ya alikali? Nanga burette ndi yachiyaninso?"

Ayi mwanangu, sunadziwe. Litmus amasanduka wa buluu ngakhale m'chidulo chophikira therere. Amangokuuza kuti alikali alimo, koma kuchuluka kwake umakupeza ndi titration.

Tenga pipette, uyeze 25 cm3 ya sodium hydroxide, uthire mu conical flask, udonthezemo phenolphthalein kawiri. Madziwo asanduka a pinki. Mu burette mukhale asidi wa hydrochloric yemwe mphamvu yake ukuidziwa kale, tinene 0.1M. Dzanja limodzi pakampopi, lina likupukusa flask. Asidi akagwera, mtundu umazilala pomwe wagwerapo n'kubwereranso. Ukaona kuti ukuchedwa kubwerera, ndiye kuti wayandikira. Apa m'pamene ophunzira ambiri amatayira malikisi pa mayeso a MSCE chifukwa cha phuma. Dontheza limodzilimodzi, poti dontho limodzi lokha ndilo limachotsa pinki yense. Powerenga burette, diso likhale mulingo umodzi ndi pansi pa kagoba ka madziwo. Ngati asidi wapita 20 cm3, chulukitsa 20 ndi 0.1, ugawe ndi 25: alikali wako ndi 0.08M. Ubwereze mpaka manambala agwirizane. Ndipo chonde, pipette usamakoke ndi pakamwa.

Ina yachokera ku Mchinji, kwa mayi a m'gulu lopanga sopo. Akuti wina anawalangiza kugula pH meter yoyezera caustic soda.

Mayi, ndalama zanuzo sungani. Makina amenewa, omwe Arnold Beckman anayamba kupanga mu 1934 ku California, ndi abwino, koma pH ikapitirira 12 nsonga yake yagalasi imayamba kuwerenga motsika, pomwe magalamu 4 okha a caustic mu lita imodzi amafika kale pa 13. Inu chofunika ndi sikelo yokhulupirika. Yezani caustic ali wouma, ndipo muzimutsekera bwino chifukwa amayamwa chinyezi cha mumpweya, kulemera kwake n'kukunamizani.

Posungunula, thirani caustic m'madzi pang'onopang'ono, osati madzi pa caustic. Valani magolovesi ndi magalasi, ndipo ana akhale kutali.