Njinga Yokwera Mtengo, Mwini Wake Akuyenda Pansi

Bambo wina wa ku Zomba, wogwira ntchito m'boma, anauzidwa kuchipatala kuti magazi ake akuthamanga kwambiri, ayambe kulimbitsa thupi. Kuthamanga kunkamuphwanya mawondo, ndiye anaganiza za njinga. Yakabaza sankaifuna. Mtima wake unali pa zija za matayala opyapyala ndi hendulo yopindikira pansi, zimene ankaziona Loweruka m'mawa zikuliyatsa liwiro mumsewu wopita ku Liwonde.

Panapezeka njinga ziwiri. Yoyamba anamupezera mnzake wa muofesi, yemwe anali atapalasa njinga zamtunduwu kwa zaka zambiri. Inali ya aluminiyamu, yogwirapo kale ntchito, penti itakalikakalika, ndipo mwini wake anali ku Blantyre, moti munthu akanatha kukaikwera kaye asanatulutse ndalama. Yachiwiri inafika pa WhatsApp kuchokera kwa mlamu wake wa ku Johannesburg: yakuda bii, ya kaboni, magiya ake osintha ndi batire. Mlamuyo anati mwini wake akuitaya pamtengo wozizira. Mtengo wozizirawo unali wokwanira kugula njinga za aluminiyamu zija zitatu.

Chimene chinamukopa bamboyu chinali dzina lolembedwa pa zitsulo za njingayo, Ultegra. Mtengo wa njinga zothamanga umatsatira zinthu ziwiri makamaka, felemu ndi gulu la zitsulo zoyendetsera: tcheni, mbale za mano zakutsogolo, timbale takumbuyo, zosinthira magiya ndi mabuleki. Zambiri mwa zitsulozi zimapangidwa ndi Shimano, kampani ya ku Japan imene inayamba mu 1921 mumzinda wa Sakai, ndipo inazisanja m'magulu okwererana. Kwa zaka zambiri gulu lapansi linali Claris, la timbale 8 kumbuyo. Pamwamba pake panali Sora wa timbale 9, kenako Tiagra wa 10, kenako 105 wa 11 ndipo watsopano wa 12. Ukapitirira apo wafika pa Ultegra, ndipo pansonga pali Dura-Ace, amene amakwera akatswiri a Tour de France. SRAM ya ku Chicago ili ndi magulu ake, Apex, Rival, Force ndi Red, chimodzimodzi Campagnolo ya ku Vicenza m'dziko la Italy. Njinga ya ku Blantyre ija inali ndi Sora.

Ogulitsa sanama akamati zitsulo zapamwamba n'zabwino. Ukamakwera magulu amenewa zitsulo zimapepuka, giya imalowa mofewa, ndipo kudumpha kwa pakati pa giya ina ndi inzake kumachepa. Koma mtengo umathamanga kuposa phindu. Pakati pa 105 ndi Ultegra kulemera kumasiyana ndi magalamu mazana ochepa, osakwana ngakhale theka la lita ya madzi. Kwa katswiri wolimbirana masekondi paphiri, magalamu amenewo ndi nkhani yaikulu, n'chifukwa chake bungwe loyendetsa mipikisano ya njinga padziko lonse, UCI, linaika lamulo mu 2000 loti njinga yampikisano isapepuke kuposa makilogalamu 6.8. Njinga ya aluminiyamu yapamtengo wabwino imalemera pafupifupi makilogalamu 10. Kusiyana konseko kunali kochepa poyerekeza ndi mafuta apamimba amene adokotala anauza bamboyu kuti achotse.

Mnzake uja anayesetsa. "Achimwene, njinga ili ngati nsapato, sagula pachithunzi. Mwafunsa kuti felemu yake ndi saizi yanji? Nanga chikathyoka chinachake, mukachipeza kuti?"

"Inu munazolowera za kaunjika," anayankha bamboyo akuseka, ngakhale kuti yakeyonso inali yogwirapo kale ntchito. "Ine ndikagula chinthu, ndimagula kamodzi basi."

Anatapa ndalama zimene iye ndi mkazi wake ankasungira malata a nyumba yakumudzi, anawonjeza zolipirira basi yonyamula katundu ndi msonkho wa pachipata cha Mwanza, ndipo njinga inafika ili m'katoni. Ankainyamula ndi zala ziwiri pamaso pa anzake onse, iwo n'kumagwira pakamwa.

Vuto loyamba linaoneka tsiku lomwelo, koma analibisa. Felemu inali ya masentimita 58, yoyenera munthu wamtali, pomwe iye anali wamfupi woyenera 52 kapena 54. Anatsitsa chishalo mpaka pansi, komabe hendulo inali patali. Ankapalasa atadzitambasula, khosi litauma, manja atachita dzanzi. Saizi ya felemu sungaikonze ndi sipanala, ndipo felemu ya kaboni yosakukwana imapweteka msana mofanana ndi yachitsulo yosakukwana.

Vuto lachiwiri silinabisike, chifukwa linachitikira pamsewu wokwera ku Ku Chawe. Njinga yake inali yopangidwira miyendo ya mpikisano: mbale zakutsogolo za mano 53 ndi 39, kambale kakakulu kumbuyo ka mano 25. Pa giya yopepukitsitsa, akazunguza mapedulo kamodzi, tayala linkazungulira kamodzi ndi theka n'kupitirirapo. Ya mnzakeyo, imenenso inali ndi Sora, inali ndi mbale za mano 50 ndi 34, kumbuyo 32, kutanthauza kuti pachitunda mapedulo ndi tayala zinkazungulira pafupifupi mofanana. Mnzakeyo ankakwera pang'onopang'ono ali khale pachishalo, akucheza. Mwini Ultegra anaimirira pamapedulo, anapuma mwawefuwefu, ndipo asanafike pakati pa phiri anatsika n'kuyamba kukankha. Anyamata otsika ndi njinga zosenza nkhuni anamupatsa moni mwaulemu, mmodzi n'kufunsa, "Bwana, yatha mafuta?"

Kenako anayamba matayala. Anali a mamilimita 23 m'lifupi, opopedwa gwa, ndipo felemu yake yakale yampikisano inalibe malo olowetsa aakulu kwenikweni. Masiku ano ngakhale akatswiri anasamukira ku matayala a mamilimita 28 kapena kuposapo, chifukwa zinaoneka kuti tayala lokulirapo lopopedwa mofewerako silichedwetsa pamsewu wamabampu, ndipo limateteza limu. Misewu yathu tikuidziwa. Lole ikakuimbira hutala umathawira m'mphepete momwe phula linadyeka, ndipo pamenepo tayala lopyapyala limapanikiza chubu pa limu n'kuchiboola timabowo tiwiri toyandikana.

Zimenezi zinamuchitikira pafupi ndi Thondwe, alibe chubu china, alibe pampu. Wokonza njinga wa pansi pa mtengo analandira njingayo ndi manja awiri ngati walandira khanda la eni. Pampu yake sinagwire, chifukwa valavu ya njinga zothamanga ndi yopyapyala, ya mtundu wa Presta, yosiyana ndi ya njinga zakabaza. Anatulutsa tayala latsopano la mainchesi 28, nalonso linakana. Mawilo a mitundu yonse iwiri ya njinga anthu amawatchula 28, koma limu ya njinga yakabaza ndi ya mamilimita 635 pomwe ya njinga yothamanga ndi 622. Anamata zigamba ziwiri, anabwereka kachitsulo kolumikizira pampu kwa mnyamata wina wodutsa, ndipo bamboyo anafika kwawo dzuwa litalowa.

Patapita miyezi ingapo magiya akutsogolo anasiya kusintha, ndipo posakhalitsa akumbuyo nawonso anangoti zii. Sichinali chilema. Magiya amagetsi, amene Shimano inawatulutsa mu 2009 ndi dzina loti Di2, amagwira bwino ntchito ndipo batire yake imakhala nthawi yaitali, koma ikatha imafuna chaja yakeyake. M'katoni muja chaja munalibe. Mlamu anati afunsa mwini wake wakale, mwini wake wakale anasiya kuyankha foni, ndipo njinga inakhala m'chipinda masabata ambiri kudikira munthu wobwera kuchokera ku Johannesburg. Giya ya waya ikavuta, waya wake amapezeka m'tauni iliyonse, ndipo wokonza njinga aliyense amatha kuulowetsa.

Chaja itafika, inabwera ndi nkhani ina. Mnzake uja anayeza tcheni ndi kachitsulo koyezera n'kupeza kuti linatalika kale, ndipo linali litadya mano a timbale takumbuyo. Tcheni la magiya 11 ndi lopyapyala kuposa la magiya 9, limayenera kusinthidwa likangotalika ndi theka la peresenti, ndipo la pamsika silingalowe pakati pa timbale tothithikana chotero. Zonse zinayenera kuitanitsidwa kunja, panthawi imene ndalama yakunja inali yosowa. Mu November 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo nthawi yomweyo. Mkazi wake atamva mtengo wa tcheni lokha anafunsa modekha, "Bambo a ana, kodi njingayi tinagula kapena tikuilipira lendi?"

Mapeto anafika mophweka. Tsiku lina galu anadutsa kutsogolo, bamboyo anagwera kumanja, ndipo kachitsulo kamene kamagwira chosinthira magiya chakumbuyo kanapindika. Kachitsulo kameneka amakapanga kofewa dala, kuti pangozi kapindike iko felemu ipulumuke, koma kawirikawiri mtundu uliwonse wa felemu uli ndi kakekake, ndipo munthu wanzeru amasunga kena m'nyumba. Iye analibe. Anaimitsa minibasi, kondakitala anaika njinga kumbuyo pamodzi ndi matumba a chimanga, anaikoka ndi chingwe mwamphamvu monga amachitira ndi njinga zonse, n'kukankha chitseko. Potsika, pa mpope wapamwamba wa felemu panali mng'alu woyera wautali ngati chala.

Kaboni ndi wolimba kwambiri pa ntchito imene anamupangira, yosenza wokwera ndi mphamvu ya miyendo yake, koma amaopa kufinyidwa ndi kugundidwa cham'mbali. Chitsulo chikathyoka amawotcherera. Aluminiyamu akagundidwa kawirikawiri amatifuka, iwe n'kuona pomwe pavulala. Kaboni amang'aluka, nthawi zina mkati momwe diso silifika. Bamboyo anapita nayo kwa wowotcherera, yemwe anagogoda felemuyo ndi chikhadabo, kumvetsera kulira kwake, n'kupukusa mutu. "Bwana, ichi si chitsulo. Ndikangoyandikiza moto, chipsa." Okonza kaboni alipo m'mizinda ikuluikulu ya ku South Africa, koma kutumiza felemu kumeneko ndi kuibweza inali ndalama ya njinga ina. Bamboyo anagulitsa zitsulo za njingayo chimodzichimodzi pamtengo wolira nawo, ndipo malata akumudzi anadikira chaka china.

Pa zonsezi palibe pomwe njingayo inalakwa. Inapangidwira munthu wamtali wa miyendo yozolowera, msewu wosalala, ndi tauni yokhala ndi shopu ya zida zake pafupi. Opanga njinga okha amaidziwa nzeru imeneyi. F.K. Day, mmodzi mwa anthu amene anayambitsa SRAM, ndi amenenso anayambitsa nawo bungwe la World Bicycle Relief mu 2005, ndipo atafuna njinga ya misewu ya ku Zambia ndi ku Malawi sanabweretse zitsulo zampikisano za kampani yake. Anabweretsa Buffalo, yachitsulo, yolemera kuposa makilogalamu 20, ya kaliyala yosenza makilogalamu 100, yoti aikonze pamudzi pomwepo.

Sindikunena kuti wofuna liwiro agule Buffalo, kapena kuti Ultegra ndi wa anthu ena. Amene wapalasa zaka, akudziwa saizi yake, akupikisana, ndipo ali ndi njira yopezera zida, agule ndithu, adzamva kukoma kwake. Koma inu amene mukuyamba, ndalama zanu zitsate ndondomeko iyi. Choyamba saizi: ikwereni njingayo, mupalase ndithu, osangoima nayo pachithunzi. Chachiwiri magiya: werengani mano, ndipo ngati kwanu kuli zitunda, funani mbale ya 34 kutsogolo ndi kambale ka 32 kapena kuposapo kumbuyo. Chachitatu, onani ngati felemu ikulola matayala a mamilimita 28 kapena 32. Dzina la gulu la zitsulo libwere pomaliza. Sora kapena Tiagra wosamalidwa bwino, tcheni lotsukidwa ndi kuthiridwa oyilo, adzakuyendetsani zaka zambiri. Ndalama yotsalayo ipite ku chipewa choteteza mutu, pampu yogwira valavu yanu, machubu awiri, magetsi, tcheni lapadera ndi kachitsulo kaja ka chosinthira magiya.

Ikakhala yogwirapo kale ntchito, chenjerani kawiri. Yang'anani felemu padzuwa, makamaka pansi pa zomata ndi matepi. Yezani tcheni. Ngati ili ya batire, chaja muione ndi maso anu. Ndipo dzina lalikulu lisakugoneketseni tulo: mu 2023 Shimano yomweyo inalengeza kuti mikono ina ya mapedulo ya Ultegra ndi Dura-Ace ya magiya 11, yopangidwa July 2019 asanafike, ikaunikidwe chifukwa ina inkamatuka. Njinga zambiri zakale zimene zikugulitsidwa lero ndi za zaka zimenezo.

Musanatumize ndalama, tengani chithunzi cha njingayo mupite nacho kwa munthu amene azidzaikonza. Mufunseni ngati tcheni lake, chubu chake ndi zida zake angazipeze sabata yomweyo. Akakuuzani kuti ayi, mukhulupirireni, chifukwa tsiku lomwe idzafe pamsewu wogulitsa adzakhala ali kutali, ndipo mudzatsala awiriwiri ndi iyeyo.