Kodi ndisunge mbiri ya alendo anga pa cloud?

Funso: Ndili ndi nyumba yogona alendo ku Area 3. Maina a alendo, manambala a foni ndi zithunzi za ziphaso zawo zili m'kompyuta imodzi yokalamba. Mwana wanga akuti tizisamutsire pa cloud. Kodi sizibedwa kumeneko? (Mayi wa ku Area 3, Lilongwe)

Yankho: Mayi, mwana wanu sakulakwa. Kompyuta imodzi ikhoza kupsa magetsi akabwera mwamphamvu, kapena kubedwa usiku umodzi. Koma cloud ndi kompyuta za eni ake, ndipo zambiri zili kunja. Mwachitsanzo, Microsoft idatsegula malo ake osungirako zinthu ku Johannesburg ndi Cape Town mu 2019. Choncho funsani kaye dziko limene zinthu zanu zikakhale, chifukwa lamulo la Data Protection Act la 2024, limene amaliyang'anira a MACRA, limafuna kuti mbiri ya anthu yopita kunja ikatetezedwe mokwanira. Zikatayika, alendo adzafunsa inu.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi pasiwedi. M'malo ambiri ogona alendo antchito onse amalowera pa imodzi, yolembedwa pakapepala komata pa kauntala. Aliyense akhale ndi yake. Yatsaninso njira yoti polowa pazifunika nambala yobwera pafoni. Wantchito akasiya ntchito, mutsekereni tsiku lomwelo, ngakhale mwasiyana bwino.

Zithunzi za ziphaso za alendo amene adachoka kalekale fufutani. Zotsalazo muzikoperanso pa hard drive yotsekera m'kabati, kuti intaneti ikadula ntchito isaime.