KUSANKHA MFUTI YOTETEZERA PAKHOMO BOMA LIKALETSA MFUTI ZODZILONGA ZOKHA: PHUNZIRO LA KU AMERICA

Mawu oyamba

Pa 13 September 1994 Pulezidenti Bill Clinton wa dziko la America anasayina lamulo loletsa kupanga ndi kugulitsa mitundu ina ya mfuti zimene Azungu amazitcha semiautomatic. Lamuloli linagwira ntchito zaka khumi zokha, ndipo linatha mphamvu mu 2004 aphungu atalephera kuliwonjezera nthawi. Ngakhale zili choncho, zigawo zina za dzikolo zinakhazikitsa malamulo awoawo. California inayamba mu 1989 munthu wina atapha ana asanu pasukulu ya ku Stockton. New York ndi Maryland anakhwimitsa malamulo mu 2013, Illinois ndi Washington mu 2023. Nthawi iliyonse lamulo lotere likamveka, eni nyumba ambiri amafunsa funso limodzi: nanga ndigule mfuti yanji yoti nditetezere banja langa?

Chimangirizo chino chiunika mfuti zimene zimatsala zikatero, ubwino ndi kuipa kwa iliyonse, komanso zinthu zina zimene wosankhayo amaziiwala chifukwa maso ake ali pa chitsulo chokhacho.

Kodi choletsedwacho n'chiyani?

Tiyambe ndi mawu, popeza mkangano wambiri wa nkhaniyi wagona pa matanthauzo. M'chimangirizo chino mfuti ya semiautomatic tiziitcha mfuti yodzilonga yokha. Munthu akakhethemula kamodzi imatulutsa chipolopolo chimodzi, kenaka mphamvu ya onga wophulikawo imataya khoko la chipolopolocho n'kulonga china. Kuti iwombenso, chala chiyenera kukhethemulanso. Imeneyi ndi yosiyana ndi mfuti yachiwaya ya asilikali imene imangolavula zipolopolo malinga chala chili pomwepo. Mfuti zachiwaya anazikhwimitsira malamulo kalekale mu 1934, ndipo kuyambira 1986 munthu wamba saloledwa kugula yopangidwa kumene.

Lamulo la 1994 silinaletse mfuti zonse zodzilonga zokha. Zina linazitchula mayina, monga Colt AR-15 ndi Uzi. Zotsalazo linaziyeza ndi maonekedwe. Mfuti yaitali yokhala ndi kabokosi ka zipolopolo kochotseka inkaletsedwa ikakhala ndi zinthu ziwiri mwa izi: chotsamiritsa paphewa chopindika, chogwirira chonga cha pisitolo, pomangirira mpeni kutsogolo, chobisa lawi la moto kukamwa kwa mpope, kapena choponyera mabomba. Opanga mfuti sanavutike. Anangochotsa pomangirira mpeni ndi chobisa lawi, n'kupitiriza kugulitsa mfuti yomwe ija. Komanso mfuti zimene anthu anali nazo kale sizinalandidwe. Mfundo imene inakhudza mphamvu yeniyeni ya mfuti ndi yoletsa timabokosi tatsopano tolowa zipolopolo zoposa 10. Mfuti zonse zolongedwa ndi dzanja lamuloli silinazikhudze, ndipo n'chifukwa chake makambirano a chosankha china amazungulira pa zimenezi.

Chifefe

Mfuti imene imatchulidwa koyamba ndi chifefe, makamaka chopopa. Wowomba amakokera kumbuyo chogwirira chimene chili kunsi kwa mpope, n'kuchikankhiranso kutsogolo, ndipo potero khoko lakale limatuluka, katiriji wina n'kulowa. Zodziwika kwambiri ndi Remington 870, imene inayamba kupangidwa mu 1950, ndi Mossberg 500. Mitengo yake ndi yotsika poyerekeza ndi AR-15, ndipo apolisi ndi alenje azigwiritsa ntchito zaka zambiri. Katiriji mmodzi wa mtundu wa 00 buckshot amakhala ndi timipira tamtovu pafupifupi 9, ndipo tonse timatuluka nthawi imodzi. Pamtunda waufupi palibe amene amakayika za mphamvu yake.

Ngakhale andale anaitamapo mfuti imeneyi. Mu February 2013, patangopita miyezi iwiri chichitikire chiwembu cha pasukulu ya Sandy Hook pomwe anaphedwa ana 20 ndi akuluakulu 6, Joe Biden, amene panthawiyo anali wachiwiri kwa pulezidenti, analangiza anthu kuti m'malo mwa AR-15 agule chifefe cha mipope iwiri. Anati iye anauza mkazi wake kuti pakachitika vuto atuluke pakhonde n'kuwomba kawiri m'mwamba. Odziwa malamulo anafulumira kunena kuti kuwomba mwachisawawa chotero kungathe kumangitsa munthu. Tingawonjezere kuti chifefe cha mipope iwiri chikalira kawiri chatha, ndiye kuti mayiyo akanatsala ndi ndodo m'manja.

Pali chikhulupiriro china chofala chimene chiyenera kutsutsidwa, choti chifefe sichifuna kuchalira, bola kulozetsa kumene kuli mdani. Zoona zake n'zakuti timipira tija timamwazikana pang'onopang'ono pamene tikupita patali. M'chipinda cha mamita anayi kapena asanu timakhala tikadali pamodzi, malo osaposa chikhatho cha munthu. Wosachalira aphonya basi. Chachiwiri, chifefe chimamenya phewa mwamphamvu, moti munthu wokalamba kapena wochepa thupi amachiopa, ndipo mfuti imene mwini wake amaiopa saiyeserera kawirikawiri. Ena amasankha cha 20 gauge chimene chimamenya pang'ono kusiyana ndi cha 12 gauge. Chachitatu, munthu wogwidwa ndi mantha amatha kupopa mosafikitsa, mfuti n'kukakamira panthawi yomwe akuifunitsitsa. Vuto limeneli mfuti yodzilonga yokha ilibe kwenikweni, ndipo apa otsutsa lamulo lija ali ndi mfundo imene sitingaikane. Utali wakenso ndi cholemetsa. Malamulo a dzikolo amafuna kuti mpope wa chifefe wamba usachepere mainchesi 18, amene ndi masentimita pafupifupi 46, choncho kuyenda nacho m'kanjira kopapatiza ka m'nyumba, kwinaku ukutsekula chitseko kapena kunyamula mwana, si chinthu chapafupi.

Mfuti zam'manja

Mu 2008, pa mlandu wa District of Columbia v. Heller, Bwalo Lalikulu la Milandu la dzikolo linagamula kuti munthu payekha ali ndi ufulu wosunga mfuti m'nyumba podziteteza. Oweruza asanu anavomereza, anayi anakana. Woweruza Antonin Scalia polemba chigamulocho anafotokoza zifukwa zimene anthu amakondera mfuti yam'manja: imasungika pamalo ofikirika msanga, mbala singailande mosavuta, wopanda mphamvu zonyamulira mfuti yaitali amaitha, ndipo dzanja limodzi likagwira mfuti linalo limatha kuimba foni kupolisi. Chigamulochi chikutanthauza kuti kuletseratu mfuti zam'manja sikungatheke. Kwa wofuna chosankha chimene lamulo silidzamulanda mawa, mfundo imeneyi ndi yaikulu.

Mfuti zam'manja zilipo za mitundu iwiri. Pisitolo monga Glock 17 nayonso ndi yodzilonga yokha, ndipo kabokosi kake kamalowa zipolopolo 17, koma zigawo monga New York zinaika malire a 10. Ina ndi volovolo, ya mgolo wozungulira wolowa zipolopolo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Volovolo ilibe zambiri zoti munthu akumbukire, ndipo chipolopolo chikakana kuphulika amangokhethemulanso, mgolo n'kubweretsa china. Kuipa kwake n'kwakuti chokhethemulira chake n'cholimba ndipo kulonganso kumachedwa. Komabe mfuti yam'manja iliyonse ndi yovuta kulasa nayo kuposa yaitali, chifukwa ilibe potsamira ndipo dzanja likangonjenjemera pang'ono chipolopolo chimapita kwina.

Apa pali chodabwitsa. Malinga ndi chiwerengero cha FBI cha 2020, pa milandu yakupha ndi mfuti, mfuti zam'manja zinagwiritsidwa ntchito pa milandu 59 mwa 100 iliyonse, pamene mfuti zazitali zamtundu wa raifo zinali pa milandu itatu yokha mwa 100, ngakhale kuti pa milandu yambiri mtundu wa mfuti sunalembedwe. Choncho mfuti imene malamulo akuiteteza kwambiri ndi yomwenso ikupha anthu ambiri tsiku ndi tsiku, pamene imene ikuletsedwa imadziwika ndi ziwembu zikuluzikulu zopha khamu nthawi imodzi.

Palinso mfuti zakale zolongedwa ndi chogwirira chapansi, zonga Winchester ya 1873 imene timaiona m'mafilimu a anyamata oweta ng'ombe. Zina mwa izo zimadya zipolopolo za volovolo monga .357 Magnum, sizimenya phewa kwambiri, ndipo malamulo oletsa aja sazitchula. Za zimenezi tisataye nthawi, pakuti ubwino ndi mavuto ake akufanana ndi a chifefe chopopa.

Khoma ndi mdima

Wowerenga wozolowera nyumba za njerwa zowotcha ayenera kudziwa kuti zipinda za nyumba zambiri za ku America zimagawidwa ndi timatabwa topyapyala tachoko tokhomeredwa pamitengo. Chipolopolo chilichonse chokhoza kuimitsa munthu chimaboola makoma otere, kaya chachokera m'pisitolo, m'chifefe kapena mu AR-15. Kuseri kwa khomalo kumagona mwana, ndipo m'nyumba zosanjikizana kumagona mnansi. Kusintha mtundu wa mfuti sikuchotsa vutoli. Mwini nyumba ayenera kudziwiratu mbali zimene sangawombe ngakhale zitavuta bwanji.

Vuto lina ndi kuzindikira amene waima pakhomo. Pa 17 October 1992 Yoshihiro Hattori, mnyamata wa zaka 16 wa ku Japan amene ankaphunzira ku Baton Rouge m'chigawo cha Louisiana, anasokera nyumba popita kuphwando la Halloween. Mwini nyumba anatuluka ndi volovolo ya .44 Magnum n'kufuula kuti "Freeze!" Mawuwa tanthauzo lake lenileni ndi kuundana ngati madzi m'firiji, koma pakamwa pa wogwira mfuti amatanthauza kuti usasunthe. Ambiri amakhulupirira kuti mnyamatayo sanamve tanthauzo lachiwirili. Anapitiriza kuyenda ndipo anawomberedwa pachifuwa. Bwalo linamasula mwini nyumbayo mu 1993, koma chaka chotsatira bwalo lina linamulamula kulipira makolo a mnyamatayo madola 650,000. Kwa ife ophunzira zinenero nkhaniyi ndi yowawa mwapadera, chifukwa moyo unatayika pa liwu limodzi. Mfutiyo inalibe vuto lililonse, ndipo palibe lamulo loletsa mfuti zodzilonga zokha limene likanaikhudza. N'chifukwa chake alangizi ambiri amati tochi yowala bwino ndi chitseko cholimba ziyenera kugulidwa mfuti isanagulidwe.

Masiku ena onse

Mbala ingabwere usiku umodzi pa zaka zambiri, mwinanso osabwera n'komwe, koma mfuti imakhala m'nyumbamo masiku onse: tsiku la mkangano wa m'banja, tsiku lakuledzera, tsiku limene mwana watsala yekha. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mu 2021 anthu 48,830 anafa ndi mfuti ku America, ndipo oposa theka la iwo, anthu 26,328, anadzipha okha. Mu 1993 dokotala Arthur Kellermann ndi anzake anasindikiza kafukufuku m'magazini ya New England Journal of Medicine woonetsa kuti m'nyumba zosunga mfuti mpata woti wina aphedwemo unali waukulu pafupifupi katatu, ndipo kawirikawiri wakuphayo anali wachibale kapena wodziwana naye. Otsutsa amati mwina mabanja amene ali kale pachiopsezo ndi omwe amagula mfuti, choncho mfutiyo si gwero. Mfundoyi ili ndi mutu, koma siyankha za odzipha, pakuti woyesa kudzipha ndi mfuti sapulumuka kawirikawiri monga amapulumukira woyesa njira zina.

Apa mpamene kusankha kumavuta zenizeni. Mfuti yokiyidwa m'bokosi lachitsulo imateteza ana koma imachedwa kufikirika. Yoikidwa pansi pa pilo imafikirika msanga kwa aliyense. Pisitolo imalowa m'kabokosi kokiya kotsekuka ndi manambala m'kamphindi kochepa, pamene chifefe chimafuna kabati yaikulu, ndipo ambiri amangochiimika kuseri kwa chitseko. Kwa ine, banja lokhala ndi ana liyenera kuyamba ndi funso la kosungira, mtundu wa mfuti ubwere pambuyo. Makhoti nawo ayamba kuona choncho. Mu 2024 ku Michigan bambo ndi mayi anapezeka olakwa pa mlandu wopha anthu mosafuna, chifukwa mwana wawo wa zaka 15 anatenga pisitolo imene anamugulira n'kupha ophunzira anzake anayi mu 2021.

Kumene funsoli silifunsidwa

Tisaganize kuti dziko lililonse likaletsa mfuti zodzilonga zokha anthu amangosamukira ku chifefe. Ku Australia, munthu wina atapha anthu 35 ku Port Arthur mu April 1996, boma la John Howard linagwirizana ndi zigawo zonse kuletsa mfutizi, n'kugula kwa anthu mfuti pafupifupi 650,000 zimene linaziphwanya. Chifefe chopopa, chimene ku America chimaonedwa ngati chosankha chofatsa, nachonso chinalowa m'gulu la mfuti zololedwa kwa anthu ochepa okha monga alimi. Koposa apo, mgwirizanowo unanena poyera kuti kudziteteza si chifukwa chovomerezeka chopemphera chilolezo cha mfuti.

Ku England nakonso mfuti zazitali zodzilonga zokha za zipolopolo zikuluzikulu zinaletsedwa mu 1988 pambuyo pa chiwembu cha ku Hungerford, ndipo mfuti zam'manja zinatsatira mu 1997. Mu August 1999 mlimi wa ku Norfolk, Tony Martin, anawombera mbala ziwiri zimene zinalowa m'nyumba mwake usiku, pogwiritsa ntchito chifefe chopopa chimene analibe nacho chilolezo. Mmodzi mwa awiriwo, mnyamata wa zaka 16, anafa. Mu 2000 bwalo linapeza Martin wolakwa pa mlandu wakupha mwadala, chaka chotsatira bwalo la apilo linachepetsa mlanduwo, ndipo anatuluka m'ndende mu 2003.